Mpanda wafunda ukonde, mbozi zili yakaliyakali: kuzindikira kadziwotche wa ermine ndi ena ofanana naye

Chaka ndi chaka, kuyambira chapakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Juni, mipanda ya mitengo ya m'mbali mwa misewu ku Britain, Netherlands, Belgium ndi Germany imadzuka itafunda ulusi wotuwa, ngati wina waiphimba ndi neti yakale ya udzudzu. Masamba atha psiti, nthambi zili mbuu, ndipo mukasuzumira m'kati mupeza mbozi zili yakaliyakali. Nthawi zina ulusiwo umatsikira pansi n'kukuta udzu, benchi, njinga, ngakhale galimoto imene yakhalitsa pamalo amodzi. Munthu amene anakulira kumene mbozi zochuluka chonchi zimatanthauza ntchemberezandonda ndi nkhokwe yopanda kanthu amathamangira kukagula mankhwala. Kawirikawiri kutero n'kungotaya ndalama. Mbozi zimenezi ndi ana a kadziwotche wamng'ono woyera wamadontho akuda, amene Angerezi amamutcha small ermine, ndipo akatswiri amamuika m'gulu la Yponomeuta. Siziyabwa, siziluma, ndipo mtengo umene zadya umaphukanso chaka chomwecho.

Chovuta n'chakuti pali mbozi zina zoluka ukonde zimene ndi zoopsa ndithu, komanso pali akadziwotche ena oyera amadontho amene si abale ake n'komwe koma dzina lawo ndi lomwelo la ermine. Dzinali linachokera kwa kanyama konga likongwe kamene nyengo yachisanu kamasanduka koyera kupatula kansonga ka mchira. Zikopa zake ankasokera mikanjo ya mafumu a ku Ulaya, yoyera yokhala ndi madontho akuda, ndiye kadziwotche aliyense wovala chonchi anangopatsidwa dzinalo, wachibale ndi wapadera yemwe. Amene amayamba n'kuwerenga madontho a pamapiko ndi amene amasokera. Poyambira penipeni ndi pa mbozi ndi pa mtengo umene yadya.

Musanagwire chilichonse: mboziyo ili ndi ubweya?

Mbozi ya small ermine ndi yosalala. Ikakula imafika pafupifupi mamilimita 20, thupi lake ndi lachikasu chotumbuluka kapena lotuwa, mutu wakuda, ndipo ili ndi mizere iwiri ya madontho akuda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Mukagogoda nthambi imaphiriphitha chobwerera m'mbuyo, kapena imadziponya n'kulendewera pa kaulusi. Mukaona zimenezi mtima ukhale pansi, mukhoza kuigwira ndi manja.

Ngati mboziyo ili ndi ubweya ngati chiyabwe, bwererani m'mbuyo kaye. Mbozi ya brown-tail imapezeka pa mitengo ya hawthorn ndi blackthorn, imene small ermine amadyanso, makamaka kummwera ndi kummawa kwa England m'mphepete mwa nyanja. Ndi yoderapo kwambiri, ili ndi timizere toyera m'mbali, ndipo chizindikiro chake chosaphonyeka ndi madontho awiri ofiirira ngati lalanje pamsana chakumchira. Ukonde wake ndi wosiyananso: ndi kathumba kolimba, kothinana, komangidwa kunsonga ya nthambi, ndipo kamaoneka nyengo yachisanu mitengo itayoyola masamba, chifukwa mbozizo zimagonera momwemo mpaka nyengo itafunda. Small ermine sakhala ndi ukonde wamoyo mu Januwale. Ndiye mukapeza kathumba ka ulusi pa mpanda wopanda masamba nyengo yozizira, si wake.

Yoopsa kuposa pamenepa ndi oak processionary, imene inapezeka koyamba ku London mu 2006 itabwera ndi mitengo yochokera kunja. Imakhala pa mtengo wa oak, ndipo chisa chake sichikuta masamba ayi, chimamatirira pa thunthu kapena kunsi kwa nthambi yaikulu, choyera poyamba kenako n'kuda ndi zikopa zofundula ndi ndowe. Mbozi zake zimayenda pa mzere, mutu wa ina pa mchira wa inzake, ngati linthumbu. Tiubweya take tating'onoting'ono timathothoka n'kuuluka ndi mphepo, ndipo timayambitsa zidzolo zoyabwa, maso ofiira, zilonda zapakhosi ndi kubanika, makamaka kwa odwala mphumu. Agalu amene anunkhiza kapena kunyambita chisa amatupa lilime. Chisa chimenechi sachotsa yekha munthu wamba. Chijambuleni muli patali n'kutumiza uthenga kudzera pa TreeAlert, webusaiti ya ku Britain yolandira malipoti a tizilombo ndi matenda a mitengo, kapena kudziwitsa khonsolo ngati mtengowo uli pamalo a boma. Chisa chakale chimene mbozi zinachokamo kale chimayabwabe. Ngati ubweya wakukhudzani, musakande: matani selotepi pakhungupo n'kuimatula kuti itenge tiubweyato, sambani ndi madzi ambiri, chapani zovala m'madzi otentha, ndipo kupuma kukavuta imbani 111, nambala ya chithandizo cha zaumoyo ku Britain. Small ermine sadya oak, choncho ukonde wa pa oak usamatchedwe ermine ngakhale utafanana bwanji.

Zina zitatu ndi zosavuta. Mbozi ya lackey ili ndi mutu wabuluu wokhala ndi madontho awiri akuda ngati maso, thupi la mizere yabuluu, yofiirira ndi yoyera, ndipo imakonda kuwothera dzuwa pamwamba pa ukonde osati m'kati. Mbozi ya hawthorn moth ndi yaing'ono, yofiirira, ndipo m'mabwalo a nyumba imakonda zitsamba za cotoneaster. Koma mbozi yobiriwira ya mizere yakuda imene ikudya kampanda ka box, kaja kodulidwa bwino pakhomo, ndi box tree moth, mlendo wochokera kummawa kwa Asia. Imeneyo musaikhululukire poganiza kuti ndi ermine, chifukwa imaswana kangapo pachaka, ikatha masamba imakukuta khungwa, ndipo box imatha kufa.

Mtengo wake ndi uti

Mukatsimikiza kuti mbozi ndi yosalala yamadontho, dzina lake lili pa mtengo, chifukwa mtundu uliwonse wa small ermine uli ndi chakudya chakechake ndipo susinthasintha.

Yponomeuta evonymella amadya bird cherry. Mtengowu mumauzindikira ndi maluwa oyera otuluka pa timiphukira titalititali tolendewera mu Meyi, ndipo mukakanda khungwa limanunkha fungo lowawa. Umapezeka kwambiri kumpoto kwa England ndi ku Scotland m'mbali mwa mitsinje, ndiponso m'mapaki momwe anachita kubzala. Mtundu umenewu ndi umene umavala mtengo wonse, thunthu lomwe, mpaka kuoneka ngati wakulungidwa mu pulasitiki. Dzina lake la Chilatini lisakunamizeni: likumveka ngati Euonymus, dzina la mtengo wa spindle, koma spindle sadya.

Wodya spindle ndi Yponomeuta cagnagella, ndipo mipanda yaitali yotuwa ya kummwera kwa England nthawi zambiri ndi ntchito yake. Spindle ali ndi timphukira tobiriwira tokhala ngati tamakona anayi, masamba otuluka awiriawiri moyang'anizana, ndipo mu Okutobala amabala zipatso zapinki zosweka n'kuonetsa njere zofiirira ngati lalanje. Zipatsozi ndi zakupha, ana asazitole. Mbozi yomweyi imapezekanso pa Euonymus japonicus, wobiriwira chaka chonse uja wobzalidwa m'mipanda ya m'tauni.

Yponomeuta padella amadya hawthorn, blackthorn ndi mitengo ina ya banja la mapulamu. Hawthorn ali ndi minga ndi masamba ong'ambikang'ambika, ndipo amachita maluwa masamba atatuluka kale. Blackthorn amachita maluwa mu Malichi ndi Epulo masamba asanatuluke, khungwa lake ndi lakuda, minga yake italiitali. Yponomeuta malinellus amadya apulo, ndipo maukonde ake amakhala ang'onoang'ono, apa ndi apo, aliwonse atakulunga masamba ochepa. Yponomeuta rorrella amadya msondodzi, makamaka wa masamba otuwa kunsi.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi apa. Mipanda ya ku Britain ndi yosakaniza: spindle, hawthorn, hazel ndi field maple zimamerera pamodzi, nthambi zitalowana. Mbozi zikatha spindle zimayamba kuyendayenda kufuna chakudya ndi malo omangira zikwa, ndipo paliponse zadutsa zimasiya ulusi. Munthu amajambula ukonde pa hawthorn n'kulemba kuti padella, chonsecho hawthorn yo masamba ake ali onse, angokutidwa chabe. Mtengo wokutidwa si umboni. Umboni ndi mtengo wodyedwa. Tsatirani ukondewo mpaka mupeze nthambi zimene zatsala zigobo, n'kuona khungwa ndi kakhalidwe ka mphukira zake. Ngati masamba atheratu, fufuzani kunsi kwenikweni kwa chitsamba kapena mphukira yotuluka kutsinde, kumene nthawi zambiri kumatsala tsamba limodzi kapena awiri. Zikakanika, mangani kansalu pa nthambiyo n'kudzabweranso mu Julayi masamba atsopano atatuluka.

Pa spindle pali kampeni kena kumphasa. Mitengo yomweyo imadyedwanso ndi Yponomeuta plumbella ndi irrorella, ngakhale wachiwiriyu ndi wosowa kwambiri. Plumbella akadali wamng'ono amaboola m'kati mwa mphukira yanthete mpaka mphukirayo kuzyolika ngati yafota, kenako amatuluka n'kuluka kaukonde kakang'ono ka mbozi zowerengeka. Ukonde waukulu wokuta mamita angapo a spindle ndi wa cagnagella.

Zikwa zimathandiza mbozi zikasowa

Chapakati pa Juni mbozi zimaleka kudya n'kupota zikwa, ndipo kapotedwe kake kamasiyana. Evonymella amaunjika zikwa zoyera zothinana, mazanamazana pamodzi, nthawi zambiri pa thunthu kapena patsinde m'maudzu, zoti mukazidula zimaoneka ngati chisa cha njuchi. Cagnagella ndi malinellus amapotanso zikwa zoyera zosaonekera m'kati, zogundana m'timagulu. Padella amapota chikwa chopyapyala choti kachilombo kamaonekera m'kati, ndipo zikwazo zimalendewera motayana mu ukonde. Rorrella ndiye sadzivutitsa n'komwe, amangolendewera ndi tiulusi towerengeka. Chizindikirochi n'chothandiza makamaka m'minda ya zipatso momwe apulo ndi pulamu zayandikana: chikwa chokhuthala choyera chikuloza kwa malinellus, chopyapyala chikuloza kwa padella.

Kadziwotche wabwera pa nyale, ndipo simukudziwa kumene wachokera

Apa yambani ndi rula. Small ermine atakhala pansi ndi wautali pafupifupi sentimita imodzi, mapiko ake atawakulunga pathupi mpaka kuoneka ngati kachidutswa ka ndodo ya machesi. Atatambasula mapiko amakhala pakati pa mamilimita 15 ndi 26, malinga ndi mtundu. Mapiko akumbuyo ndi otuwa moderapo, ndipo patsinde pake pali kachigamba koonekera kopanda mamba. Kachigambaka si chilema. Mu 2019 ofufuza a ku University of Bristol anaonetsa kuti m'mbali mwake muli timizere timene timathetheka akamauluka, n'kutulutsa kaphokoso kamene khutu la munthu silimva koma mileme imamva, kowachenjeza kuti chakudyachi n'chowawa. Kadziwotcheyo mwiniwake ndi gonthi. Pafupifupi onse amauluka kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka Ogasiti, choncho woyera wamadontho amene wabwera mu Meyi, mbozi za small ermine zikadali pa mtengo, ndi wina.

Winayo kawirikawiri ndi white ermine, Spilosoma lubricipeda, wa banja lina lakutali. Ndi wamkulu kuwirikiza kawiri, mamilimita 34 mpaka 48 atatambasula, wonenepa, waubweya wambiri paphewa ngati wavala sikafu, ndipo amakhala mapiko atawasanjika ngati denga la nyumba. Mukamukhudza amadzifetsa dala, n'kupinda mimba kuonetsa chikasu chake chofiirira cha madontho akuda. Madontho a pamapiko ake musawadalire, chifukwa ena amakhala nawo ambiri, ena ochepa, ndipo a ku Scotland amatha kukhala oderapo m'malo moyera mbee. Mbozi yake ndi yaubweya, yakuda, ya mzere wofiira pamsana, imadya zitsamba zapansi monga nettle ndi dock, imayenda yokhayokha mothamanga, ndipo siluka ukonde. Choncho white ermine wopezeka pafupi ndi mpanda wodyedwa alibe mlandu.

Abale ake atatu amasokonezanso. Buff ermine ndi wachikasu chotumbuluka ngati batala, ndipo ali ndi mzere wa madontho wopingasa kuchokera kunsonga ya phiko kutsikira m'mphepete mwake. Wamkazi amatha kutumbuluka kwambiri mpaka kufanana ndi white ermine, koma mzere wopingasawo umakhalapobe. Water ermine ndi wa m'madambo a kummwera chakummawa kwa England, woyera mbee, ali ndi dontho limodzi kapena awiri pakati pa phiko, ndipo mapiko akumbuyo alibe dontho. Mukakumana ndi white ermine wa madontho ochepa musafulumire kumutcha water ermine musanaone phiko lakumbuyo, chifukwa white ermine amakhala ndi dontho pamenepo. Wamkazi wa muslin moth ndi woyeranso wa madontho ochepa, amauluka masana mu Meyi, mapiko ake ndi opyapyala oonekera pang'ono, ndipo mimba yake ilibe chikasu chija. Leopard moth, wamkulu kuposa onsewa, ali ndi madontho asanu ndi limodzi akuluakulu paphewa, ndipo mbozi yake imaboola m'kati mwa nthambi.

Amene amanamiza ngakhale anthu ozolowera ndi thistle ermine, Myelois circumvoluta, chifukwa nayenso amakulunga mapiko ngati ndodo. Pa chithunzi chopanda rula amafanana kwambiri ndi small ermine. Koma ndi wamkulu, mamilimita 27 mpaka 33, madontho ake ndi ochepa ndi akuluakulu, omwazikana osati a m'mizere yotsata utali wa phiko, ndipo kumapeto kwa phiko kuli mzere waudongo wa timadontho. Mbozi yake imakhala m'kati mwa maluwa ndi phesi la chomera chaminga chotchedwa thistle, yobisika, yopanda ukonde.

Ndipo kwa amene nkhawa yawo ndi ya masuti ndi mabulangete: onsewa sadya nsalu. Njenjete yodya zovala ndi kakang'ono ka mtundu wagolide, kopanda madontho, kothawa kuwala. Woyera wamadontho amene walowa pawindo watsata nyale basi, mutulutseni ndi kapu.

Ndi small ermine ndithu, nanga ndi uti?

Ena amazindikirika ndi maso, ena ayi, ndipo kudziwa malirewo ndiko kumasiyanitsa wodziwa ndi wongolota.

Evonymella ndi wosavuta: madontho ake ndi ang'onoang'ono, ambiri, m'mizere isanu yotsata utali wa phiko. Enawo ali ndi mizere itatu kapena inayi ya madontho okulirapo ndi otayana. Musadabwe kumupeza kummwera kumene kulibe bird cherry, chifukwa zaka zina amabwera ambirimbiri ndi mphepo yofunda kuchokera kutsidya la nyanja. Plumbella ndi wamng'onopo, ali ndi banga lalikulu lakuda chapakati pa phiko ndi kuda kunsonga. Sedella ndi wotuwa thupi lonse, ali ndi kabanga kakuda pa mphonje ya phiko, amadya chitsamba cha orpine osati mtengo, ndipo amaswana kawiri pachaka, choncho ndi yekhayo amene mungamupeze akuuluka mu Epulo kapena Meyi. Rorrella ali ndi mthunzi wotuwa wotambalala chakutsogolo kwa phiko ndi timadontho tating'ono, koma padella wotuwa amatha kufanana naye, ndiye pamafunika kusamala.

Atatu otsala, cagnagella, padella ndi malinellus, ndiwo mutu waukulu. Mabuku amati cagnagella ali ndi mphonje yoyera mbee kumapeto kwa phiko, padella mphonje yotuwa ndipo phiko lake limayambira koyera mpaka kotuwa ngati phulusa, malinellus ali pakati. Zimenezi ndi zoona kwa ambiri koma osati onse. Padella woyera alipo. Malinellus wa mphonje yoyererapo alipo. Kwa akadziwotche ena ambiri mkangano wotere umatha poyang'ana ziwalo zoberekera pa maikulosikopu, koma kwa atatuwa ngakhale zimenezo sizisiyanitsa mokwanira. N'chifukwa chake otsimikizira malipoti a pa iRecord, webusaiti yolembapo zamoyo zimene anthu aona, ndi olemba akadziwotche a m'zigawo za Britain amabweza dzina la mtundu likachokera pa chithunzi cha pa nyale, n'kupempha kuti lilembedwe monga gulu chabe. Lipoti lanu likabwezedwa chonchi si kuti mwajambula moipa. Lembani Yponomeuta basi, ndipo dzina lonse lisungireni amene mwamulera nokha kuchokera pa mtengo wodziwika.

Chithunzi chikunama

Mapulogalamu a pafoni monga ObsIdentify ndi iNaturalist amapereka dzina molimba mtima ngakhale pamene katswiri angakane kutchula. Pa white ermine kapena thistle ermine amachita bwino. Pa atatu aja, peresenti imene akuonetsa musaitenge ngati chigamulo.

Zolakwika zambiri zimachokera pa kuwala. Fulashi ikamenya phiko loyera imafufuta kutuwa konse, padella n'kusanduka cagnagella. Mthunzi wa madzulo umachita zosiyana, umadetsa mphonje yoyera. Jambulani masana pamthunzi, fulashi itazimitsidwa, kachilomboko katakhala pa pepala lotuwa kapena pa tsamba, osati pa khoma loyera kapena pa nsalu yakuda, ndipo chepetsani kuwala kwa kamera pang'ono mpaka mamba a phiko aoneke. Jambulani cham'mbali, kamera italingana ndi phiko, chifukwa chithunzi chochokera pamwamba chimabisa mizere yapansi ya madontho ndipo mizere isanu imaoneka ngati itatu. Ikani rula pambali. Ngati sakukhazikika, muikeni m'kabotolo kouma n'kumusiya mu filiji, osati mu fulizala, kwa mphindi 20 kapena 30. Akatuluka amakhala phee kwa kanthawi kokwana kujambula, kenako amauluka bwinobwino. Musamugwire ndi zala, chifukwa mamba amatsalira m'manja ndipo madontho amafufutika. Amene wauluka kwa milungu iwiri amakhala atapukutika kale, mphonje itathothoka, ndipo wotereyo sangatchulidwe dzina ngakhale chithunzi chitakhala chabwino chotani.

Kulera mbozi kuti mudziwe zoona

Njira yosakayikitsa ndi yophweka. Dikirani mpaka mbozi zitakula kapena zitayamba kupota zikwa, chifukwa zazing'ono zimafuna masamba atsopano tsiku ndi tsiku. Dulani kanthambi kokhala ndi mbozi zisanu mpaka khumi kapena kagulu ka zikwa, kuchokera pa mtengo umene mwaona ndi maso kuti ukudyedwa. Ikani m'kontena ya pulasitiki yoyalidwa tishu pansi, pakamwa pake mutamangapo kansalu kopyapyala ndi labala. Lembani pomwepo tsiku, malo ndi dzina la mtengo, ndipo musasakanize za mitengo iwiri m'kontena imodzi. Sungani pamthunzi, m'chipinda chosatentha. Pakatha milungu iwiri kapena itatu chipotereni zikwa, akadziwotche amatuluka ali atsopano, mphonje zonse zilipo.

Zikalephereka, kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa izi. Kontena yotsekedwa ndi chivindikiro imachita thukuta, ndowe n'kuchita nkhungu, mbozi n'kufa zitada ndi kufewa. Sinthani tishu tsiku lililonse. Kontena yosiyidwa pawindo padzuwa imaziphika pa ola limodzi. Mbozi zikamangozungulira osadya, mwazipatsa masamba a mtengo wolakwika, ndipo chimenecho chokha chakuuzani kuti munatengera pa mtengo wokutidwa osati wodyedwa. Nthawi zina m'malo mwa kadziwotche mumatuluka timavu kapena ntchentche. Si kulakwitsa kwanu, mboziyo inali italasidwa kale kutchire. Kamodzi mwa timavuti, Ageniaspis fuscicollis, kamaikira dzira m'dzira la kadziwotche, dzira limodzilo n'kugawikana kukhala ana ambiri amene amadya mboziyo m'kati ikamaliza kukula, n'kusiya chikopa chouma chotupatupa. Adani amenewa ndiwo amachititsa kuti mpanda umene unavutika zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana upume wokha.

Kupopera sikukugwira, ndipo chaka chamawa zabweranso

Mankhwala amalephera pa zifukwa ziwiri. Ukonde umakana madzi, choncho mankhwala amatsetsereka pamwamba osafika kwa mbozi. Ndipo pamene ukonde wakula mpaka kuonekera pamsewu, mbozi zatsala ndi masiku ochepa kuti zileke kudya, kuwononga kwachitika kale. Chimene mankhwalawo amapha ndi timavu tija, njuchi zobwera pa maluwa a hawthorn, ndi chakudya cha ana a mbalame, ndiye chaka chotsatira mbozi zimabwera popanda wozilonda.

Kubwereza chaka ndi chaka kumachokera pa mazira. Mu Julayi ndi Ogasiti wamkazi amaikira mazira makumi angapo pamodzi pa khungwa la nthambi yanthete, n'kuwaphimba ndi madzi omata amene amauma kukhala kachigoba kosalala, kochepa ngati njere ya mapira yophwanyika. Poyamba ndi kachikasu, kenako kamasanduka kotuwa ngati khungwa lomwe. Timbozi timaswa nyengo yozizira isanafike koma sitituluka, timagona pansi pa kachigobako mpaka Epulo, pamene timalowa m'mphukira kapena m'kati mwa tsamba. Pa apulo chizindikiro choyamba ndi kabanga kofiirira kouma m'mphepete mwa tsamba lanthete, momwe timbozi tambiri tadya m'kati mwa tsamba limodzi. Ukonde umabwera pambuyo pake.

Pa mpanda waukulu kapena mtengo wokhwima, musachite chilichonse. Pa apulo, pa mtengo wobzalidwa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, kapena pa umene wadyedwa zaka zingapo motsatizana, nthawi yogwira ntchito ndi kumayambiriro kwa Meyi, maukonde akadali ochepa ngati chibakera. Yenderani mtengo kawiri pamlungu. Dulani kanthambi kali ndi ukonde, kapena kulungani ukondewo pa ndodo ngati mukupota thonje, mutatchera ndowa pansi chifukwa mbozi zimadziponya zikamva kugwedezeka. Ziviikeni m'madzi a sopo, kapena zitsekereni m'jumbo n'kutaya mu bini. Kuzitaya patsinde n'kudzinamiza, zimakweranso usiku womwewo. Pamene dzanja silifika, madzi a paipi othamanga amang'amba ukonde n'kutsegulira mbalame njira. Moto ayi: kuwaula ukonde kumapsereza khungwa, ndipo bala limenelo ndi loipa kuposa mbozi. Nyengo yachisanu podulira apulo, yang'anani timagoba tija pafupi ndi mphukira pa nthambi za chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kutipala ndi chikhadabo. Musasadze mpanda wonse ndi makina mu Meyi kapena Juni pofuna kuchotsa ulusi. Imeneyo ndi nyengo ya zisa, ndipo lamulo la ku Britain la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuwononga dala chisa cha mbalame chimene chikugwiritsidwa ntchito. Ulusi umatha wokha ndi mvula ndi mphepo.

Mtengo wodyedwa umayamba kuphuka pakatha milungu itatu kapena inayi mbozi zitaleka kudya, ndipo chaka chimenecho zipatso zimachepa kapena kusowa. Kukakhala kouma, uthirireni ndowa ziwiri kapena zitatu kamodzi pamlungu ngati ndi wamng'ono, n'kuphimbira patsinde ndi manyowa osagunditsa pa khungwa. Feteleza wambiri safunika. Ukafika kumapeto kwa Julayi usanaonetse tsamba, palani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Kukakhala kobiriwira ndi konyowa m'kati, uli moyo, dikirani. Kukakhala kofiirira ndi kouma mpaka kutsinde la nthambi, fufuzani chifukwa china, monga mizu yowola, bowa patsinde, chilala, kapena khungwa lokukutidwa ndi akalulu kuzungulira thunthu.